Zikomo Amene Anatentha Udzu

Padangokhala sukulu, ndipo inu amene mwakhala nane pano vomerani kuti tili limodzi.

Inali sukulu ya ukachenjede ya nyama zonse. Mkulu wa sukuluyo anali Pulofesa Njati. Wachiwiri wake anali Dokotala Ntchefu, mayi wofatsa amene ankaphunzitsa za mankhwala. Mlembi wa bungwe la aphunzitsi anali Khwangwala, ndipo ntchito yake inali kulengeza zimene bungwe lagwirizana. Sankachedwa nazo. Nthawi zina ankalengeza nkhani eni ake asanamalize kuinena.

Aphunzitsi onse anali nyama zikuluzikulu. Ophunzira ambiri anali ang'onoang'ono, mbewa, nkhanga, abuluzi ndi ena otero, ndipo ankagona mu udzu wa kuseri kwa makalasi. Udzuwo unali zigawo zitatu: cha kumtunda, cha pakati ndi cha kumunsi. Panalibe mphunzitsi ndi mmodzi yemwe amene analowamo.

Panali lamulo lakale lonena kuti nkhani yokhudza ophunzira isagamulidwe popanda woimira ophunzira. Choncho m'chipinda cha bungwe munali kampando pafupi ndi khomo. Alendo akabwera, Pulofesa Njati ankawatengera pa kampandoko. "Mwaona? Ife kuno timayendetsa zinthu limodzi ndi ana athu."

Chaka china nkhupakupa zinachuluka. Aphunzitsi ankaphunzitsa akudzikanda, ankadya akudzikanda. Wina anati zikuchokera mu udzu muja, ndipo bungwe linaganiza zoutentha, chigawo chimodzi pa msonkhano uliwonse kuti moto usalumphire ku makalasi.

Ophunzira atamva anasonkhana. Anasankha Gwape kuti akawayankhulire, chifukwa anali woleredwa bwino ndipo aphunzitsi ankamukonda. Anamuperekeza ndi nyimbo. Njiwa ndiye ankatsogolera, ena n'kumavomera. Nyimboyo inkauza wotumidwa kuti anyamule mawu awo ngati madzi a m'manja, asawataye panjira, ndipo povomera onse ankamufunsa ngati abwera nalo yankho.

Gwape anakhala pa kampando kaja.

"Nkhani yoyamba," anatero Pulofesa Njati. "Udzu wa kumtunda utenthedwe mawa. Woimira ophunzira?"

Gwape anatsika nagwada. Amayi ake anamuphunzitsa kuti mwana sayamba kuyankhula pamaso pa akulu asanapemphe njira.

"Zikomo, bwana..."

"Ophunzira athokoza!" anakuwa Khwangwala. "Nkhani yatha!"

"Mwana wamakhalidwe uyu," anatero Njati. "Nkhani yachiwiri. Makalasi aziyamba m'mawa kwambiri. Woimira ophunzira?"

Gwape anaganiza kuti mpata wake wafika tsopano. "Zikomo, bwana, ine..."

"Athokozanso!"

Atatuluka anapeza anzake akumudikira. Kanyimbi, amene ankadziwika sukulu yonse chifukwa cha mtima wapachala, anamva nkhaniyo n'kugwira mutu.

"Aise, tinakutuma kukathokoza?"

"Sindimathokoza. Ndimapempha kuyankhula."

"Ndiye unayankhula?"

"Sanandipatse mpata."

"Koma kugwada unagwada bwino?"

M'mawa mwake udzu wa kumtunda unapsa. Mbewa zinataya chakudya chonse chimene zinasunga, ndipo onse a kumtunda anakapanikizana ndi anzawo mu udzu wa pakati.

Msonkhano wachiwiri utayandikira, Kanyimbi sanadikire kuti amusankhe. "Ndipita ine. Zikomo wanga ndamusiya kwathu." Ena anachita mantha, koma ambiri anali okwiya, ndipo anamuperekeza ndi nyimbo yomwe ija. Ulendo uno anaiimba mothamanga, akuponda pansi, ndipo funso la povomera linamveka ngati kuopseza.

"Udzu wa pakati utenthedwe mawa," anatero Njati. "Woimira..."

Kanyimbi anali ataimirira kale pamwamba pa kampando. "Ayi! Inu mumagona pabwino, ife mukutitenthera pogona! Mitu ikuluikuluyo muli chiyani kodi?"



"Mwana uyu ndi wa yani?" anafunsa Njati. "Kwawo kulibe akulu? Ngakhale zikomo sakumudziwa? Mutulutseni."

Alonda awiri anamugwira. Kanyimbi, pokwiya, anachita chimene akanyimbi amachita. Aphunzitsi anatseka mphuno, ena misozi ili mbwembwembwe, ndipo aliyense ankafuna kuti msonkhano uthe msanga.

"Kampando ka ophunzira kali ndi mawu?" anafunsa Njati.

Kampando kanali chete.

"Sikanatsutse!" anakuwa Khwangwala. "Nkhani yatha!"

Dokotala Ntchefu anakayika. "Koma lamulo likuti woimira ophunzira akhalepo."

"Alipo, mayi," anatero Khwangwala. "Simukumumva?"

Udzu wa pakati unapsa.

Tsopano ophunzira onse anaunjikana mu udzu wa kumunsi, wina kugona pa mchira wa mnzake. Anasonkhananso, koma palibe amene ankafuna kutumidwa. Wogwada analephera, wokalipa analephera. Ankangoyang'anana.

Pamenepo Zinziri anaimirira. Anali wamkulu kuposa anzake, wa chaka chomaliza, ndipo sankayankhula kawirikawiri. Anabwera ku sukulu atakwatiwa kale, mwamuna wake ali kutali. Masiku amenewo ankafika m'kalasi mochedwa n'kutuluka mofulumira, ndipo palibe amene ankadziwa chifukwa chake.

"Anzanga," anatero, "muno muli mazira anga."

Onse anatembenukira kwa iye.

"Ndinawabisa. Ndinkaopa kuti aphunzitsi akadziwa anena kuti ndinabwera kudzaikira, osati kudzaphunzira, ndiye andibweza kumudzi mayeso atatsala pang'ono. Inu moto ukabwera muthawa. Ine mazira sindingawanyamule. Ndilibe manja."

"Nditumeni ine," anatero wina kumbuyo.

Anali Sakhwi, kamtsikana ka mphuno yaitali, kochepa ngati mbewa. M'kalasi ankakhala kumbuyo, koma mafunso ake ankatopetsa aphunzitsi mpaka ena ankamuuza mayankho kuti angokhala chete.

"Iwe?" anatero Kanyimbi. "Kampando kaja ukakwera ndi makwerero?"

"Iwe unakwera popanda makwerero, ndipo taona zimene unabweretsa." Sakhwi anatembenukira kwa Zinziri. "Ndamva, achemwali. Mazira."

"Koma dzina langa usakalitchule. Komanso..."

"Ndamva, ndamva. Siyirani ine."

Ananyamuka nthawi yomweyo. Anakapeza Khwangwala akukonza nthenga zake zoyera za pakhosi.

"Bwana mlembi, ine ndine mbuli pa za misonkhano. Ndiphunzitseni kuti ndisakachite manyazi ngati Kanyimbi. Nkhani ikanenedwa, wina n'kunena kuti zikomo, ndiye kuti watani?"

"Wavomera."

"Basi, osabwereranso?"

"Ine ndikalengeza, yatha."

"Zimenezo ndi za ife ana okha, kapena ndi akulu omwe?"

Khwangwala anadzitukumula. "Mwambo wa bungwe susankha. Wamkulu, wamng'ono, chimodzimodzi."

"Koma inuyo simuchedwa? Mawu akatuluka mumawagwira nthawi yomweyo?"

"Mwana iwe, chiyambire palibe zikomo amene anandidutsa."

Kuchoka pamenepo Sakhwi anakakhala kutsogolo m'kalasi la Pulofesa Njati, chinthu chimene anali asanachitepo. Sanamve phunziro. Ankangoyang'ana khutu la kumanzere la Pulofesa, limene linkagwedezeka mosalekeza. Njati ankalikwecha pa khoma, ankayesa kulikanda ndi chiboda, koma chimene chinkamuluma chinali mkati kwambiri.

Tsiku la msonkhano anamuperekeza ndi nyimbo ija. Anaiimba motsitsa. Pa funso la povomera ambiri anangong'ung'udza, chifukwa yankho ankaliopa. Zinziri sanaperekeze nawo. Anatsala pa mazira.

Sakhwi anakwera pa kampando movutikira.

"Udzu wa kumunsi utenthedwe mawa," anatero Njati. "Woimira ophunzira?"

Sakhwi anatsika, nagwada bwinobwino, n'kugwedeza milomo. Mawu sanamveke.

"Wati chiyani?" Njati anafunsa.

Khwangwala anapendeketsa mutu. "Sindinamve, bwana. Kamwanaka ndi kakang'ono."

"Sendera kuno."

Sakhwi anasendera mpaka pakati pa chipinda, nagwadanso, n'kugwedeza milomo.

"Kodi wathokoza kapena ayi?"

"Sindingalengeze chimene sindinamve, bwana."

"Sendera!"

Anafika pa ziboda za Njati. Anagwedezanso milomo.

"Aa, titaya tsiku lonse. Kwera pano, unene m'khutu muno."

Njati anaweramitsa mutu. Sakhwi anakwera pa mphuno, anadutsa pakati pa nyanga, n'kukhala pa khutu la kumanzere. Pamenepo mawu ake anatuluka omveka chipinda chonse.

"Ophunzira akuti udzu wa kumunsi usatenthedwe mpaka mazira amene ali m'menemo ataswa."

Asanatseke pakamwa analowetsa mphuno yake yaitali m'khutu muja, n'kuzula nkhupakupa yonenepa imene inazunza Pulofesa kwa milungu.

Njati anatsinzina. "Aaa! Zikomo!"

"A Pulofesa athokoza!" anakuwa Khwangwala. "Nkhani yatha!"

Njati anatsegula maso. "Yatha chiyani?"

"Udzu sutenthedwa mpaka mazira ataswa, bwana. Mwavomera."

"Wamisala iwe? Ine ndimathokoza za nkhupakupa!"

Sakhwi anatsika n'kugwada. "Pepani, bwana, ine ndine mbuli. Azikomo alipo angati?"

"Alipo ambiri! Pali wothokoza, pali wopempha njira, pali wopepesa. Mwana aliyense amadziwa zimenezo."

"Nanga wa Gwape anali uti?"

Njati anayang'ana Khwangwala, Khwangwala anayang'ana kudenga.

"Ngati zikomo ndi kuvomera," anatero Sakhwi, "inu mwavomera. Ngati si kuvomera, ophunzira sanavomerepo kanthu chiyambire, ndipo udzu uja unapsa popanda lamulo. Ine ndikanena ziti kwa anzanga?"

Dokotala Ntchefu anayankhula motsitsa. "Gwape anagwada. Ankapempha kuyankhula. Ine ndinaona, koma ndinali nditatopa ndi kudzikanda."

Njati anapumira m'mwamba. Kuvomera kuti anaswa lamulo kawiri kunamukulira. "Mpaka ataswa," anatero. "Tsiku limene aswe, moto. Ndipo iwe, kamphuno, usadzayandikirenso khutu langa."

Kunja kunali chisangalalo. Anamunyamula Sakhwi pa msana wa Gwape, nyimbo ija anaisandutsa ya chikondwerero, ndipo pa funso la povomera ankadziyankha okha kuti yankho labwera. Anadutsa naye pa chisa cha Zinziri.

"Achemwali, zatheka! Moto kulibe mpaka mazira ataswa!"

Zinziri anadzutsa mutu. "Zikomo, mng'ono wanga..."

"Palibe kanthu! Ndi ntchito yathu!" Ndipo gulu linapitirira naye.

M'mawa mwake Sakhwi anapita kukamuona, akuyembekezera kuyamikiridwa. Anapeza Zinziri maso ali ofiira.

"Dzulo sindimathokoza," anatero Zinziri.

Sakhwi anaima.

"Bwera, ika khutu apa."

Sakhwi anaika khutu pa dzira. Mkati munkamveka kugogoda.

"Aswa mawa. Mwina lero lomwe. Ndipo mwanapiye wa zinziri akaswa amayenda, inde, koma sathamanga kuposa moto. Amafunika kumera nthenga kaye kuti aziuluka. Mazira akanapsa ali chete. Tsopano apsa akundiitana."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinayamba kunena tsiku lija. Unati wamva. Ndinayambanso dzulo."

Sakhwi anakhala pansi. Anaganiza, mphuno ikugwedezeka. Kenako anadzuka.

"Pali njira. Ndikatola kamwala kosalala, kamawangamawanga ngati dzira lanu. Tikaike m'chisa. Bola dzira limodzi lisanaswe, lonjezo likadalipo. Mwala suswa."

"Ndani adzabwere kudzaona?"

"Khwangwala."

"Khwangwala amadziwa dzira kuposa ine amene ndinaliikira. Akazindikira kuti tawanamiza, adzayatsa moto ali okwiya, osayang'ana pansi. Ana anga adzakhala ali momwemo. Iwe ukalephera udzachita manyazi basi. Ayi, mng'ono wanga. Ana anga sindiwagoneka pa bodza."

"Ndiye mukufuna chiyani?"

"Wandifunsa tsopano?"

"Ndakufunsani."

Zinziri anakonza mazira ndi mlomo asanayankhe. "Ndikufuna ndinene ndekha. Akandibweza kumudzi, andibweze. Koma sindingachoke pano. Akaswa ndili ku bungwe azizidwa."

"Ndiye bungwe libwere kuno," anatero Sakhwi.

"Pulofesa alowe mu udzu muno? Chiyambire?"

"Alowa. Sandikhulupiriranso, ndipo chimenecho ndi chokhacho chimene ndatsala nacho."

Tsiku lotsatira anapiye anaswa. Sakhwi anapita yekha, popanda nyimbo. Anapeza aphunzitsi akutuluka m'makalasi.

"Zikomo, bwana," anatero, ndipo anayang'ana Khwangwala mpaka Khwangwala anatseka mlomo umene unayamba kutseguka. "Ndabwera kudzanena kuti mazira aswa."

Njati anamuyang'ana kuchokera pamwamba. "Wabwera wekha kudzanena? Iwe?"

"Eya, bwana. Yatsani moto. Palibe chifukwa chokaonera. Ingokhulupirirani ine."

"Ndikhulupirire iwe?"

"Musavutike kupita. Ndi kutali, komanso ndi konyansa. Akulu ngati inu salowa kumeneko."

"Pali chimene ukubisa." Njati anatembenukira kwa anzake. "Kamphunoka kakufuna tiyatse mazira asanaswe kuti katinene kuti taswa lonjezo. Tiyeni tonse. Tikaone ndi maso athu. Khwangwala, tenga muuni."

Bungwe lonse linatsetsereka, Sakhwi ali patsogolo. Atafika m'mphepete mwa udzu anaima.

"Bwana, pondani pamene ndaponda ine. Muno mwadzaza."

Njati analowa. Pa phazi lililonse pankatuluka wophunzira. Apa banja la mbewa, apo abuluzi atasanjikizana, apo Gwape atapinda miyendo kuti asagonere anzake. Ena anali ophunzira ake enieni amene ankawapatsa mayeso.

"Onsewa amagona muno?" anafunsa.

"Ena ankagona kumtunda ndi pakati," anatero Sakhwi.

Njati anayenda pang'onopang'ono mpaka anafika pa chisa. Zinziri anali atatambasula mapiko, ndipo pansi pake pankasuzumira timitu. Kamwanapiye kena kanatuluka, kanayenda pang'ono, n'kugwa chagada.

"Aswadi," anatero Khwangwala, muuni uli m'zikhadabo. "Ndilengeze?"

Zinziri sanathe kugwada chifukwa cha ana. Anangoweramitsa mutu.

"Zikomo, a Pulofesa..."

Khwangwala anakoka mpweya.

"Tseka," anatero Njati osamuyang'ana. "Nenani, mayi."

"Ndine Zinziri, wa chaka chomaliza. Ndimakhala pafupi ndi zenera m'kalasi lanu. Anawa ndi anga. Ndinawabisa chifukwa ndinkaopa kuti mundichotsa sukulu. Munalonjeza kudikira mpaka ataswa, ndipo mwasunga lonjezo. Koma onani miyendo yawo. Moto sangauthawe. Ndikupempha mudikire mpaka atamera nthenga."

Njati anayang'ana Dokotala Ntchefu. Ntchefu ndiye anayankha Zinziri.

"Mayi, nanenso ndili ndi mwana kunyumba. Nkhupakupa zamulowetsa matenda. Wasiya kuyamwa. Ine ndimaphunzitsa za mankhwala, koma ndikazichotsa lero, mawa zadzazanso. Anu akamadzamera nthenga, wanga sindikudziwa ngati adzakhalepo."

Zinziri anamuyang'ana. "Sindimadziwa. Ife timayesa mukungofuna malo ooneka bwino."

"Sitinakuuzeni," anatero Ntchefu. "Tinaona ngati si nkhani ya ana."

Sakhwi anatsegula pakamwa, chifukwa nzeru zinali zitamubwerera kale zitatu. Anayang'ana Zinziri, n'kutsekanso.

"Kodi udzu wonse uyenera kupsa?" anafunsa Zinziri.

"Ukatsala wambiri, nkhupakupa zitsalanso."

"Ine sindikufuna wambiri. Ndikufuna pokwana ana anga ndi anzangawa kuti tibisale, mpaka udzu watsopano utaphuka. Koma moto suima pamene waupempha."

"Umaima pamene palibe chakudya chake," anatero Ntchefu pang'onopang'ono. Anayang'ana ziboda zake, kenako za Njati. "Ife ndife olemera. Tikazungulira pano n'kuponda mpaka dothi litaoneka, moto ufika n'kubwerera."

"Nanga nkhupakupa za mkati?" anafunsa Njati.

Nkhanga ina inayankhula kuchokera m'gulu. "Zimenezo ndi ndiwo zathu, bwana. Tikanayamba kalekale, ngakhale kunyumba kwa Dokotala tikanapita, koma palibe anatiuza kuti vuto ndi limenelo."

Anakambirana mpaka dzuwa linafika pamutu. Sanagwirizane msanga. Njati ankafuna malo otsala akhale aang'ono, mbewa zinkafuna aakulu, ndipo Kanyimbi anafunsa kuti chakudya cha mbewa chimene chinapsa kumtunda abweza ndani. Njati anati bungwe liona. Kanyimbi anati mawu amenewo akuwadziwa. Nkhani imeneyo sinathe tsiku limenelo, ndipo mbewa sizinabwezeredwe kanthu. Koma aliyense amene anayamba kuyankhula anamaliza, ndipo Khwangwala anauzidwa kuti asanalengeze azibwereza nkhani yonse n'kufunsa mbali zonse ziwiri ngati ndi momwemo. Anadandaula kuti ntchito yake yachuluka.

Pomaliza Zinziri anafunsa chimene ankaopa. "Nanga mayeso anga?"

"Lamulo la zimenezo kulibe," anatero Njati. "Sitinaganizepo kuti zingachitike. Tidzakambirana, ndipo mudzakhalepo inuyo, osati kamphunoka."

"Ine ndidzawasungira ana," anatero Sakhwi.

"Iwe ayi," anatero Zinziri. "Gwape."

M'mawa mwake aphunzitsi anavula mikanjo yawo n'kuyamba kuzungulira. Anaponda, anaponda, mpaka dothi linaoneka. Ophunzira anasonkhana mkati. Njiwa anayambitsa nyimbo ija kuti oponda asatope, koma mawu a wotumidwa anawasiya, chifukwa panalibe wotumidwa, ndipo aphunzitsi ena anavomera nawo molakwitsa.

Moto unayatsidwa. Zinziri anakhalira ana ake n'kutseka maso. Aphunzitsi sanachoke. Anaima pa mzere umene anaponda, misana kumoto, ndipo kamoto kakalumpha ankakaponda. Utsi unadzaza ponseponse, anapiye ankalira pansi pa mapiko, mchira wa Pulofesa unawauka. Sakhwi anakhala pafupi ndi Zinziri. Moto unafika pa dothi, unayendayenda m'mphepete, n'kugona.

Utsi utachepa Zinziri anadzutsa mapiko. Anawayang'ana mmodzimmodzi. Onse analipo.

Anapiye anabalalika kukafuna chakudya. Kamwanapiye kena kanafika pa chiboda cha Njati, kanachijompha, kanaona kuti n'chofunda, kanakwerapo n'kugona.

"Bwana," anatero Khwangwala, "nthawi ya kalasi lanu yakwana."

Njati anayang'ana pansi. Anayesa kusuntha mwendo, kamwanapiye kanatsegula diso, iye n'kuleka.

"Mayi," ananong'ona, "amagona nthawi yaitali bwanji?"

"Zimatengera," anatero Zinziri.

"Khwangwala, kauze ophunzira kuti kalasi lichitikira kuno. Ndipo ulengeze motsitsa."

Moto unazima, nthano yanga nayo yazimira pomwepo.